Mawu Awiri pa Khadi Lothokoza

1

Akuti ndipepese. Apongozi anga atuma anthu kawiri, alamu anga aimba foni mpaka batire kutha, ngakhale mayi wina amene ndinangomusokera makhushoni anayi wandiimitsa pamsewu n'kuyamba kundilangiza. Onse nyimbo yawo ndi imodzi: pepesa, mkazi sachita zotere. Ndiye ndati ndilembe pano, kuti amene akudikira kupepesa kwanga apezeretu mpando, miyendo ingawatupe.

Ntchito yanga ndi kukongoletsa m'nyumba. Mukandilowetsa m'chipinda chopanda kanthu, ine ndimakhala nditaona kale pamene pakhale mpando, penti woyenera khoma, ndi pamene makatani alekezere. Tepi yoyezera simachoka m'khosi mwanga. Anzanga amsinkhu wanga amaitanidwa ndi mayina a ana awo, mayi a uje, mayi a uje. Ine anthu amanditcha Mayi Makatani, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndinkayankha ndikumwetulira.

Mwamuna wanga ndi wojambula zithunzi za zovala. Matelala ndi eni masitolo amamubweretsera madiresi ndi masuti, iye n'kupeza anthu oti avale, n'kujambula. Pa ntchito yake sindimunamizira, ngakhale lero tikugona nyumba zosiyana: munthu uja kuwala amakudziwa. Amatha kukhala ola lathunthu akudikira kuti dzuwa litsike pang'ono pazenera, ndipo akangodina kamodzi, nsalu wamba imatuluka pachithunzi mpaka telala amene anaisoka kuikana kuti si yake. Ndinamukonda chifukwa cha kuleza mtima kumeneko. Sindinadziwe kuti munthu wodziwa kudikira amathanso kudikira zaka khumi ndi zisanu osatsegula pakamwa.

Tinkagwirira ntchito malo amodzi, kutsogolo situdiyo yake, kumbuyo makina anga osokera. Chaka chikamatha tinali ndi chizolowezi chathu. Ine ndinkakonza chipinda chimodzi ndi mtima wanga wonse, iye n'kujambuliramo mtsikana wovala diresi labwino kuposa onse a chakacho, chithunzicho n'kukhala khadi lothokoza makasitomala athu. Kunja chithunzi, m'kati mawu othokoza, m'munsi mizere itatu: wokonza chipinda, wojambula, wovala diresi. Kenako kaphwando Loweruka masana, aliyense n'kulandira khadi lake pamanja.

Mlandu wanga wonse uli pa mzere wachitatuwo, ndipo ndi mawu awiri okha.

2

Apongozi anga satukwana munthu. Iwo amakuyamikira mpaka utuluke magazi. Akabwera kwathu ankayamba ndi kugwiragwira makatani, n'kutembenuza mpendero kuti aone masokedwe.

"Koma mpongozi wangayu manja ali nawo," ankatero kwa aliyense amene ali pafupi. "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo."

Kuipa kwanga kunali kodziwika: zaka zonsezo pabanja, mwana ayi. Dzina loti chumba sankalitchula pamaso panga, koma ndinkalimva likunditsatira ndikatembenuka. Pa misonkhano ya pachibale ndikanyamula khanda, pasanathe mphindi wina ankabwera kudzandilanda, ati ndisatope. Ndipo nthawi zonse apongozi akayamba zawozo, mwamuna wanga ankatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta galasi la kamera. Ndikukuuzani, palibe galasi loyera padziko pano kuposa limenelo.

Kumayambiriro kwa chaka akulu anga, amene tinabadwa bere limodzi, anamwalira. M'nyumba mwawo munatsala mtsikana mmodzi wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wamtali, woonda, amene kuyambira ali wamng'ono tinkamutcha Ulusi. Maliro atatha ndinamutenga kuti tizikhala naye. Mwamuna wanga sanakane, komanso sanavomere. Anangopukuta galasi.

"Amayi aang'ono, tiyi wapsa."

"Amayi aang'ono, sizasi mwaika pati?"

Kakhumi pa tsiku. Mawu aulemu, mwana woleredwa bwino, palibe amene akanaonapo cholakwika. Koma ine ankandibaya ngati phini woiwalika m'diresi.

Tsiku lina mtsikana amene amayenera kujambulidwa sanabwere, telala ali pamenepo ndi madiresi ake, thukuta lili kamukamu. Tinamupempha Ulusi kuti angoyesa. Atatuluka kuseri kwa nsalu n'kuima pansi pa nyali, tonse tinangomuyang'anitsitsa. Sankadziwa kuima ngati enawo, ankangoima ngati mwini malo. Kuyambira pamenepo matelala ankachita kumulimbirana.

Ine ndinkanyada mpaka mtima kufuna kuphulika. Kasitomala akalowa ndinkamugwira Ulusi paphewa.

"Uyu ndi mwana wanga."

"Oo, wa malemu achemwali anu aja? Pepani, mayi. Mukuchita bwino kumusunga."

Ndinkangofunsa ngati akufuna makatani opyapyala kapena okhuthala.

3

Chipinda cha khadi la chaka chimenecho ndinachikonza masabata atatu. Makoma ndinapaka penti wobiriwira modera, makatani amtundu wa mkaka ndinawasiya atalike zala ziwiri kuti agone pang'ono pansi. Mpando wakale umene ndinaupeza utathyoka mwendo ndinaukonzetsa n'kuukutira ndi nsalu yofiirira. Pakhoma ndinapachika galasi lalikulu, n'kulipendeketsa pang'ono kuti wojambula asaonekemo. Telala wina, mayi wa phokoso koma wa manja a golide, anabweretsa diresi lachikasu, lalitali, lopanda chokongoletsa chilichonse kupatula mmene linkagwera.

Mwamuna wanga anazimitsa nyali zonse n'kutsegula katani mbali imodzi. Tinadikira. Dzuwa litafika pa mkono wa mpando, anakweza kamera.

"Usamwetulire," anamuuza Ulusi. "Ganiza za munthu amene wachedwa kubwera."

Ulusi anatembenuza khosi n'kuyang'ana ine, pamene ndinaima ndi mapini pakamwa. Kamera inalira kamodzi. Chithunzi chake ndi chimenecho, ndipo mpaka lero ndimati palibe china chimene mwamuna wanga anajambula choposa pamenepo.

Tisanachotse n'komwe mipando, apongozi analowa. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wa masaya odzadza, wamanyazi, atagwira kachikwama ndi manja awiri.

"Mwana wa mnzanga uyu," anatero. "Mpongozi, mawa ubwere kwathu ndi tepi yakoyo. Chipinda chakumbuyo chija ndikufuna chikhale ngati ichi."

M'mawa mwake ndinapita. Mtsikana uja analiponso, ataima pakhomo la chipindacho maso ali pansi. Ndinayeza zenera, ndinayeza makoma, apongozi akulamula.

"Bedi la anthu awiri apa. Makatani okhuthala, osalowa dzuwa m'mawa. Kuseri kwa chitseko ukhomeko msomali, m'mwamba ndithu."

Dzanja langa linaima. Munthu wodana ndi dzuwa la m'mawa, wopachika chikwama cha kamera kuseri kwa chitseko pamene wina aliyense safikira, ndimamudziwa mmodzi yekha. Msomali wotero ndinaukhoma ndekha kuchipinda kwathu.

"Pakona apa usiyepo malo," anapitiriza.

"A chiyani, amayi?"

"Kabedi kakang'ono."

Tepi inandipulumuka n'kudzikulunga yokha, phaa! Apongozi anandigwira mkono mokoma kwambiri.

"Usakwiye, mwana wanga. Sitikukuchotsa ayi, tikungokuthandiza. Munda ukakana, mbewu sataya, amakayesa munda wina. Ndakuitana iweyo chifukwa ndiwe wodziwa zimene mwana wanga amakonda."

Ndikanatha kukuwa. Koma ndinatola pensulo n'kulemba miyezo yonse, ngakhale ya pakona paja. Kenako ndinafunsa mtsikana uja mtundu umene amakonda.

"Uliwonse, mayi," anayankha motsitsa mawu.

Sindinamude. Ndinamumvera chisoni, chifukwa ndinkadziwa chimene chinkamudikira m'chipinda chimenecho.

4

Ndinamupeza mwamuna wanga pa kompyuta, chithunzi cha Ulusi atachikulitsa. Ntchito ikatha kujambulidwa iye amakhala pansi n'kufufuta zosafunika: khwinya pansalu, fumbi pakhoma, phini amene waonekera. Tsikulo amafufuta phini wanga pa mpendero wa diresi.

"Ndachokera koyeza chipinda chanu chatsopano," ndinatero.

Sanatembenuke. "Amayi akalamba. Ukuwadziwa mmene alili. Akangotola nkhani sataya."

"Ndiye mwavomera?"

"Sindinavomere. Sindinangokana."

"Auzeni zoona, bambo. Lero lomwe. Ndikuperekezani, ndikakhala pambali panu."

Apa m'pamene anatembenuka. Nkhope yake inali itatuwa.

"Unalumbira."

"Ndinalumbira kukhala chete kuti inu muziyenda mutadzutsa mutu. Sindinalumbire kusokera mkazi mnzanga makatani."

"Ukanena wandipha. Ndidzayenda bwanji? Makasitomala adzandiyang'ana bwanji?"

"Mmene akhala akundiyang'anira ine."

Anabwerera ku chithunzi chake, n'kulankhula ngati tikukamba za penti.

"Khadi lipite kosindikiza sabata ino. Pa wovala diresi ulembe kuti mwana wa malemu alamu athu. Anthu amakonda zoterozo."

Ndinayang'ana pa kompyuta. Phini uja anali atasowa, mpendero uli see, ngati diresi linadzigwira lokha. Ndinazindikira kuti mwamuna wanga si wankhanza, koma amakonda chithunzi choyera, ndipo chilichonse chosokoneza amachifufuta mwaulemu. Chimene ndinalumbira ndikuuzani, musafulumire. Apa dziwani chabe kuti tsiku limenelo mtima wanga unati zakwana.

5

Wosindikiza wathu ndi bambo wachikulire, zala zake zakuda ndi inki, wokonda nkhani kuposa ntchito. Ndinamupatsa chithunzi ndi pepala la mawu. Pa mzere wachitatu ndinali nditalemba kuti: Wovala diresi: mwana wanga. Ndinkaona ngati ndaponya bomba. 

Anawerenga, n'kugwedeza mutu. "Eya, wa achemwali anu uja? Wakula bwino. Kutalika kumeneku!"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Chaka chathunthu ndakhala ndikunena mawu amenewa pamaso pa anthu, ndipo palibe amene anawamva. M'chilankhulo chathuchi "mwana wanga" ndi diresi lalikulu, aliyense limamukwana: wa mchemwali wako, wa mlongo wako, wa oyandikana nawo nyumba, ngakhale mpongozi amene ukumukonzera mkazi mnzake. Ndinalanda pepala lija, n'kuwonjezera mawu awiri.

Bamboyo anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Mayi Makatani, izi ndisindikize?"

"Mazana atatu."

"Inki ikauma sifufutika, mayi."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Wofufuta ndili naye kunyumba."

Lachiwiri makhadi anatuluka. Ndinatenga limodzi n'kupita nalo kumbuyo kumene Ulusi ankasita makatani a apongozi. Katatu konse chaka chimenecho ndinali nditayesa kumuuza ndi pakamwa, katatu konse lilime linauma. Dzanja langa ndi lolimba mtima kuposa lilime langa. Ndinamupatsa khadi.

Anayamba ndi kuseka chithunzi chake. "Koma amayi aang'ono, khosi langa ndi lalitali chonchi?" Kenako anatsegula. Ndinaona maso ake akutsika mzere ndi mzere, n'kuima m'munsi. Anawerenganso. Simbi inali pansalu, fungo la kupserera linayamba kumveka, koma palibe amene anaisuntha.

"Palibe wina amene walandira," ndinatero. "Loweruka ukabwera utavala diresi lachikasu, ndigawa. Ukapanda kubwera, ndiwotcha onse, ndipo sudzamvanso nkhaniyi pakamwa panga."

Anazimitsa simbi. Anatenga chikwama chake, khadi lili m'manja, n'kutuluka. Lachitatu sanabwere. Lachinayi foni yake inali yotseka. Lachisanu mnzake wina ananditumizira uthenga woti ali kwa iye, ndisadandaule, komanso ndisabwereko. Ndinaopa kuposa mmene ndinaoperapo chilichonse m'moyo wanga.

6

Loweruka situdiyo inadzadza. Matelala, eni masitolo, amayi amene ndinawakonzera mabalaza, mwini hotela wina ndi mkazi wake. Zithunzi za chaka chonse zinali pakhoma, anthu akuloza madiresi awo ndi mipando yawo, akuyamikira. Mwamuna wanga ankazungulira ndi kamera, akuseka ndi aliyense. Apongozi anakhala pa mpando wofiirira uja ngati unapangidwira iwo, mtsikana wa kachikwama ali pambali pawo. Katoni ya makhadi inali pansi pa tebulo, nditaiphimba ndi nsalu. M'thumba la siketi yanga munali machesi.

Chaka chilichonse apongozi ndi amene ankawerenga khadi mokweza, monga munthu wamkulu. Ankaikonda ntchito imeneyi kuposa chakudya.

"Mpongozi, makhadi ali kuti? Magalasi ndavala kale."

"Pang'ono, amayi."

Ola linatha. Zakumwa zinayamba kuchepa, ena ankayang'ana mawotchi. Mwamuna wanga anandinong'oneza kuti anthu atopa. Ine maso anali pachitseko. Ndinali nditayamba kuganiza za pamene ndikawotchere, kuseri pafupi ndi mpopi, pamene utsi sungadetse nsalu.

Chitseko chinatseguka. Chikasu chinalowa.

Anthu anawomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya phwando. Ulusi anadutsa pakati pawo osayang'ana munthu, maso atatupa, mutu uli m'mwamba. Podutsa pafupi ndi ine analankhula osatembenuka.

"Diresi ndavala. Kukhululuka ndi nkhani ina."

Ndinakoka katoni. Khadi loyamba ndinapereka kwa apongozi ndi manja awiri, enawo anayenda dzanja ndi dzanja. Chipinda chonse chinati aaa poona chithunzi. Apongozi anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu awo a pagulu.

"Kwa inu nonse amene munatitsegulira zitseko chaka chino, amene munatikhulupirira ndi makoma anu, mazenera anu ndi nsalu zanu, tikuti zikomo. Popanda inu makina athu akanachita dzimbiri. Chaka chikubwerachi kuwala kulowe m'zipinda zanu zonse, ngakhale zimene mumazitseka." Anakweza maso kuti alandire m'manja, n'kupitiriza. "Wokonza chipinda: Mayi Makatani. Wojambula: mwamuna wake. Wovala diresi: mwana wanga, wobereka ndekha."

Pakamwa panali patamaliza mutu usanamve. 

"Wosindikiza walakwitsa," anatero apongozi, akutembenuza khadi ngati kumbuyo kuli mawu ena.

"Sanalakwitse, amayi." Mawu anga anatuluka bwinobwino, mpaka ndinadabwa. "Ulusi ndinamubereka ine, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amene anandipatsa mimba anathawa. Akulu anga anamutenga ali ndi masabata atatu kuti ine ndibwerere kusukulu, ndipo anamulera ndi chikondi chimene sindingathe kubweza. Mwana wanu ndinamuuza zonsezi tisanakwatirane."

"Bodza! Ngati iwe unabereka, ndiye kuti..."

Sanamalize. Sanafunikirenso kumaliza. Ndinaona mitu ikutembenuka umodziumodzi, kuyambira kwa telala wa diresi lachikasu mpaka kwa mwini hotela. Onse anayang'ana mwamuna wanga. Anali ataima pafupi ndi galasi lalikulu lija, kansalu kali m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba anaonekeramo yense.

Lumbiro langa linali limeneli. Chaka chachitatu cha banja lathu tinapita kuchipatala tonse awiri. Dokotala anatiyeza, n'kutiuza poyera kuti vuto silinali kwa ine. Tikutuluka, mwamuna wanga analira ngati mwana m'galimoto, ine ndinalira naye. Anandipempha zinthu ziwiri: ndisadzauze munthu za kuchipatalako, ndiponso ndisadzatchule kuti ndinaberekapo, chifukwa womva chimodzi adzadziwa chinacho. Ndinavomera chifukwa ndinkamukonda. Ndinavala dzina lija la chumba m'malo mwake, ndipo mwana wanga anapitiriza kunditcha aang'ono.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wa apongozi, mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa.

"Munda uja sunakane, amayi."

Kenako ndinatembenukira kwa mtsikana wa kachikwama. "Mng'ono wanga, makatani ako ndasoka, limodzi lapserera pang'ono koma ndi okongola. Ukalowa m'chipinda chija, pakatha zaka ziwiri dzina langa lija adzakupatsa iwe. Ine ndalivula lero, lili pansi apa. Ulitole ngati ukulifuna."

Mtsikanayo anayang'ana apongozi, anayang'ana mwamuna wanga. Anaimirira, n'kuika khadi lake m'kachikwama bwinobwino kuti lisapindike.

"Zikomo, mayi," anatero, n'kutuluka.

7

Madzi akatayika saoleka. Pofika Lolemba nkhani inali m'kamwam'kamwa. Mwamuna wanga analongedza zovala ndi nyali zake n'kupita kwa amayi ake. Akugona m'chipinda chakumbuyo chija, chimene ndinayeza ndekha. Makatani ndi okhuthala, dzuwa la m'mawa silimuvutitsa, ndipo msomali uli pamalo pake enieni. Sanganene kuti ntchito sindinagwire bwino.

Makasitomala ena anandisiya. Mwini hotela anati sakufuna mkazi waphokoso pafupi ndi alendo ake. Ena anatsala. Mayi wina amene ndinamukonzera balaza zaka zapitazo anandiitana kuti ndikamuyezere zenera lomwe linali ndi makatani abwinobwino. Nditafika anatseka chitseko, anatulutsa khadi lija pansi pa pilo, n'kungolira. Sindinamufunse kanthu. Zenera ndinayeza ndithu, kuti mwamuna wake asadabwe.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale. Mukuti ndinavula mwamuna wanga pagulu. Mvetsani bwino: kusabereka si mlandu. Chinsinsi cha thupi lake ndikanachisunga mpaka kumanda, ndipo ndinachisungadi zaka khumi ndi ziwiri popanda kudandaula. Mlandu wake ndi woti anaona amayi ake akundiseka n'kupukuta galasi. Anaona mwana wanga akulira maliro ngati wamasiye, mayi ake ali pomwepo, n'kupukuta galasi. Ndiyeno anafuna kuti mwana wa eni ake adzasenze zomwezo. Ndinamupempha kuti tikanene limodzi, anakana. Ngati muli ndi munthu amene akukusenzerani katundu wanu mwakachetechete, musamuwonjezere wina pamwamba poganiza kuti khosi lake ndi lachitsulo.

Kupepesa ndinapepesa kamodzi, kwa munthu mmodzi. Ndinapita kumene Ulusi anapeza kachipinda ka lendi, ndinakhala pansi pa simenti, n'kumuuza kuti ndinamulakwira: ndinasankha ulemu wa mwamuna kusiya dzina la mwana wanga, ndipo pomaliza ndinamuuza ndi khadi ngati kasitomala. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Amayi anga ndi amene ali kumanda," anatero. "Amenewo musadzawafufute."

"Sindidzayesa n'komwe."

Kwa miyezi iwiri sananditchule chilichonse. Aang'ono ayi, china ayi. Ankangoti "inu". Inu, mwadzuka bwanji. Inu, telala uja akukufunani. Ndinalandira, chifukwa ndi zimene ndinafesa.

Lachinayi lapitali ndinali pamakina, mapini ali pakamwa monga mwa nthawi zonse. Ndinamva odi pakhomo. Ulusi anaima pamenepo, wamtali, akusewera ndi lamba wa chikwama.

"Amayi aa..." Anaima. Anayang'ana kudenga ngati pali cholembedwa. "Amayi. Zenera langa lija lilibe katani. Anthu odutsa akumandiona."

Ndinalavulira mapini m'dzanja kuti ndisawameze. Ndinafuna kunena zambiri, koma lilime langa mukulidziwa kale.

"Umakonda mtundu wanji?"

"Osati uliwonse," anatero. "Wachikasu."

Choncho kwa makasitomala anga, amene munatsala ndi amene munachoka, zikomo chifukwa cha chaka chimenechi. Kwa amene mukudikirabe kuti ndipepese, mpando uja ukadalipo, khushoni lake ndinasoka ndekha, khalani momasuka. Ine ndatuluka. Mwana wanga akundidikira, ndili ndi zenera loti ndikayeze.